Kompyuta Imene Inakana Kuimba pa Chiliza cha Agogo Anu

Chotsani kaye tinthu tanuto m'makutumo. Iwe Wongani, ndikunena iwe. Tsiku lonse nyimbo zili m'khutu, koma munthu akakuitana umangoti ndwii ngati dzinalo ndi la mwana wa eni. Tawonga, sendera kuno, foniyo uisiye pa tebulo, siithawa. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene kompyuta yakale ija ndimaisungira pamwamba pa kabati, yokutidwa ndi chitenje cha agogo anu aakazi, ndi chifukwa chimene ndimakalipira munthu akaikhudza. Lero ndikuuzani, poti bambo anu ali ku ofesi ndipo amayi anu apita kumsika. M'nkhaniyi muli bambo anu, ndipo sindiwabisa. Ndiinena mmene inayendera.

Muyambe mwadziwa kuti ine ndine munthu wa zokuzira mawu. Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yokhala pakhonde kuno ku Area 43, yokangana ndi wa m'dimba za kathiridwe ka maluwa. Koma pa unyamata wanga ndinali pa galimoto ya boma yoonetsa kanema m'midzi. Tinkanyamula jenereta, chinsalu choyera, amplifaya yolemera ngati thumba la chimanga, ndi zimasipika ziwiri zomangirira pa nsungwi. M'dzinja galimoto inkatitimira pa msewu wa ku Mitundu, ife n'kuvula nsapato kukankha, matope mpaka m'mawondo. Tikafika, amayi a pamudzi ankatilandira ndi thobwa ndi mbatata yootcha, ndipo ndikuuzeni, mbatata imeneyo inali yokoma kuposa zoyikidwa m'timabokosi zimene mumaitanitsa pa foni masiku ano. Chithunzi chikachita mdima anthu ankapirira. Koma mawu akasowa, bwalo lonse linkatembenuka n'kuyang'ana ine.

Ntchito imeneyo inandiphunzitsa malamulo awiri. Loyamba, mawu amatsatidwa ngati madzi m'ngalande: umayambira pamene akutuluka, n'kumayenda nawo mpaka upeze pamene atsekeka. Lachiwiri, usaitane anthu usanamve wekha ndi khutu lako. Ngakhale wakuuza ndi abwana kuti zonse zili bwino, iwe lumikiza, yatsa, mvera. Malamulo amenewa ndinawasunga moyo wanga wonse, ngakhale nditapuma pa ntchito n'kutsegula benchi yokonzera mawailesi ku Area 1, kuseri kwa mashopu a nsalu. Magetsi akathima ndinkatenthetsa chitsulo chowotchera mtovu pa mbaula, ntchito n'kumayenda. Inu lero chinthu chikangotsokomola pang'ono mwataya, mwagula china. Zimandipsetsa mtima zimenezo, koma si nkhani ya lero.

Agogo anu aakazi, a Esinati, anali otsogolera nyimbo pakati pa amayi a ku mpingo kwathu. Wongani, iwe ukuwakumbukira pang'ono, ankakubereka kupita nawe ku mapemphero a Lachinayi. Tawonga, iwe unali usanayambe kuyenda. Loweruka lina, kalekale, amayiwo akuphunzira nyimbo, ndinapita ndi wailesi yanga ya kaseti n'kuwajambula. Pa tepiyo pali nyimbo zitatu. Nyimbo yoyamba isanayambe, agogo anu akumveka akunena kuti, "Bambo a Mphatso, chotsani chinthu chanucho pakamwa panga, mukundisokoneza," kenako akuseka, amayi onse n'kuseka nawo. Mphatso ndiye amayi anuwa, ngati mwaiwala kuti ali ndi dzina. Mawu a agogo anu amene anatsala pa dziko lino ndi omwewo basi.

Atamwalira, kasetiyo ndinkaiopa. Tepi inali itatha, yopyapyala, ndipo ulendo uliwonse ndikaiyika mu wailesi inkatafunidwa, ine n'kumaikulunga ndi pensulo. Bambo anu, a Gondwe, anaona zimenezo. Iwo ndi munthu wa makompyuta, kuntchito kwawo ku City Centre amawadalira, ndipo pamenepo sindingawanamizire. Anabwera ku Area 1, anagwada patali monga amachitira anthu a kwawo ku mpoto, chipewa m'manja.

"Adada, mundilole ndisamutse mawuwo ndiwaike m'kompyuta. Mmenemo sadzathanso."

Ndinavomera. Anasamutsadi, ndipo patangopita masabata awiri tepi ija inaduka mkati, yosalumikizikanso. Choncho mawu a Esinati anatsala malo amodzi okha, m'kompyuta yakale ya m'manja imene bambo anu anaipatula kuti ikhale yanga.

Kompyutayo inali yokalamba, yochedwa kuyaka ngati nkhuni zaziwisi. Bambo anu anati aichotsa zonse zolemetsa n'kuikamo dongosolo lopepuka, lopanda zithunzi, lopanda todinadina timene inu munazolowera. Ukaiyatsa umangoona sikirini yakuda ndi kamzere koyera kakuphethira, kudikira kuti ulembe lamulo. Ili ngati nyumba yongomangidwa kumene, makoma ndi denga zilipo koma mpando ubweretse wekha. Pansi pake anamatapo kapepala, analembapo mawu otsegulira ndi mzere umodzi woti ndilembe ndikafuna nyimbo. Ine ndinati chabwino, chinthu chopanda zokongoletsa ndiye chinthu cholimba.

Itakwana nthawi ya chiliza, m'chilimwe anthu atakolola, tinagwirizana kuti pochotsa nsalu pa mwala tidzaimbitse mawu a mwini wakeyo. Amene ankafunitsitsa zimenezi sanali ine. Anali alamu anga a Velonika, akulu awo a agogo anu, okhala kumudzi ku Mitundu komwe tinaika maliro. Anabadwa awiri okha m'mimba mwa mayi awo. Pa nthawiyo a Velonika maso anali atachita ng'ala, osaona ngakhale dzanja lawo, miyendo yotupa. Chithunzi kwa iwo chinali pepala chabe. Mwala wa chiliza akanangoupapasa. Chimene chikanawafikira ndi mawu okha, ndipo ananditumizira uthenga kuti, "Mukawauze alamu asadzabwere okha. Adzabwere naye Esinati ndidzamumve."

Tsono imvani pamene tinalakwira, chifukwa pamenepa ndi pamene mtima wanga umawira mpaka lero. Kutatsala tsiku limodzi, bambo anu anabweretsa kompyutayo ku Area 1. Ine amplifaya yanga inali pomwepo, sipika pomwepo, chingwe pomwepo. Kulumikiza kunali kwa mphindi ziwiri. Ndinafunsa.

"A Gondwe, yalira?"

"Yalira, adada. Ndaiyesa kunyumba, zonse zili bwinobwino."

Ndipo ine, munthu amene sindinakhulupirirepo ngakhale abwana anga pa nkhani ya mawu, ndinatenga kompyutayo n'kuiyika m'chikwama osaiyatsa. Chifukwa chiyani? Chifukwa mkamwini akakugwirira ntchito suiyesa iye ali pomwepo. Kumakhala kumuchititsa manyazi, ngati ukumuuza kuti ndi mwana. Ndinati ndiyesa akachoka. Atachoka kunabwera anthu a ku mpingo, kunabwera wa simenti, tsiku n'kutha. Ulemu unandidyetsa lamulo langa lomwe.

Nawonso bambo anu ulemu womwewo unawamanga pakamwa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kunyumba kuno anayesera pa tivi yanu ija, atalumikiza ndi chingwe chachikulu chotengera chithunzi, ndipo nyimbo inamvekadi m'tivimo. Atazula chingwecho anaona kuti kompyuta payokha ili zii. Anadziwa kuti pali chinachake. Koma kubwera kwa apongozi n'kunena kuti "ntchito ija sinathe" kunawalemera. Anadzilimbitsa mtima kuti ikalumikizidwa ku amplifaya idzalira. Munthu wophunzira, wa madigiri, kusiya chinthu chotere m'manja mwa mwayi. Akanangoti "adada, tiyesere limodzi," ndikanawadya?

Tsikulo linafika. Anthu anadzaza kumanda, amayi a ku mpingo atavala zoyera zawo, abale ochokera ku Dedza ndi ku Kasungu. A Velonika anawabweretsa pa ngolo, atawayalira matiresi, n'kuwakhazika pa mpando patsogolo penipeni. Nditapita kukawapatsa moni anandigwira dzanja osalisiya.

"Alamu, mwabwera naye?"

"Ndabwera naye, alamu. Ali m'chikwamamu."

"Musamuchedwetse. Uja sankakonda kudikira."

Akulu a mpingo anapemphera, nsalu inachotsedwa, ndipo analengeza kuti tsopano timva mawu a malemu. Ndinalumikiza amplifaya ku batire ya galimoto. Ndinakhudza nsonga ya chingwe ndi chala, sipika n'kuchita mmm, kusonyeza kuti mbali yanga ili moyo. Ndinalowetsa chingwecho m'kabowo ka kompyuta. Bambo anu analemba mzere uja. Pa sikirini manambala anayamba kuyenda, kuwerenga masekondi a nyimbo. Msekondi woyamba, wachiwiri, wakhumi. Esinati anali akuimba mkatimo, ife osamva kanthu.

Ana inu, simudziwa kulemera kwa chete wa anthu ambiri amene akudikira iwe. Bambo anu anagwada pa fumbi ndi suti yawo, kulemba, kufufuta, kulembanso, thukuta likugwera pa mabatani. Netiweki kumeneko inalibe mphamvu yoti afufuze kanthu. Chingwe chosamutsira mawuwo pa foni panalibe amene anali nacho. Dzuwa linakwera, ana anayamba kulira, ndipo akulu a mpingo anatsokomola n'kuyambitsa okha nyimbo ina kuti atipulumutse. A Velonika sanaimbe nawo. Anangopendeketsa mutu, khutu kuloza ku sipika, mpaka nyimboyo inatha.

Powakweza pa ngolo anandiitana. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Alamu, musadandaule, makina ndi makina. Mukamukonza mudzabwere naye kunyumba. Ine ndilipo, ndingapite kuti?"

Ndinalonjeza kuti ndibwera sabata isanathe.

Tinakwera galimoto kubwerera. Ndinafufuma ngati finye kuchokera ku Mitundu mpaka ku Old Town. Titafika pakhomo panga bambo anu anati, "Adada, mundibwereke kompyutayo tsiku limodzi lokha. Vuto ndaliganizira, ndi laling'ono." Ndinawalanda chikwamacho m'manja.

"Laling'ono? Mwandivula pamaso pa mudzi wonse wa akazi anga, mukuti laling'ono? Munati yalira. Simudzaikhudzanso."

Mawa lake kunabwera amayi anu. Anati bwanji tingosamutsa mawuwo tiwaike pa foni, wina apite nayo kumudzi. Ndinawayankha kuti Esinati sadzaimbira mkulu wake m'kachitini, adzaimba pa sipika yeniyeni, ndipo wokonza ndi ine. Ananditulutsira pepala lopindidwa. "Ili alemba ndi bambo a Wongani, akuti mungotsatira." Ndinaliponya m'dirowa ya zomangira osalitsegula. Bambo anu anabwera okha kawiri, kuima pa geti, ine n'kutuma mawu kuti ndatanganidwa. Atayamba kuimba foni, foniyo ndinaithimitsa n'kuiyika m'dirowa momwemo. Musaseke, Tawonga. Unkhutukumve umenewu nawe uli nawo, ndimakuona ukamakangana ndi amayi ako.

Ndinakhala pa benchi yanga n'kuyamba kutsata ngalande. Amplifaya ili bwino. Chingwe ndinachiyeza ndi mita, chili bwino. Nyimbo ikuyenda, poti manambala akuwerenga. Ndiye kuti potsekeka ndi pakati, m'mimba mwa kompyutamo. Apa ndinachita zimene wokonza mawailesi aliyense akanachita: ndinatenga sikuludiraiva n'kuitsegula. Ndinapukuta kabowo ka chingwe ndi sipiriti, ndinayang'ana mtovu uliwonse ndi galasi lokuzira, ndinafunafuna waya wothothoka. Masiku atatu ndinathera pamenepo. Zonse zinali zoyera, zolimba, zopanda chilema. Pa moyo wanga wonse vuto la mawu linkakhala chinthu chogwirika, chopsa kapena chodzimbirira. Uku kunalibe choti ndigwire, ndipo zinandikwiyitsa koposa.

Ndinapita kwa mayi wina wa shopu yosindikiza mapepala pafupi ndi depoti, ndinamuuza zoti afufuze, iye n'kundisindikizira mulu wa masamba. Chizungu ndimachidziwa, ndinakulira pa mabuku a makina. Koma awa sanali mabuku. Anali anthu akunja akukangana okhaokha, wina akuti chita ichi, mnzake akuti ameneyo ndi wabodza, wachitatu akuti iye zinamuyendera koma osanena kuti anachita bwanji. Anthu opanga zinthu zimenezi ndikanakumana nawo ndikanawafunsa: mumapangiranji chinthu chobadwa chili chotseka pakamwa? Wailesi yotchipa ya pamsika ukaiyika mabatire imalira. Ichi cha anthu anzeru chimafuna uchipemphe kaye.

M'masambamo ndinatolamo lamulo limodzi lothandiza, loonetsa zipangizo za mawu zimene zili mkati. Nditalilemba ndinaona kuti kompyutayo ili ndi makomo awiri otulutsira mawu. Loyamba, la nambala ziro, ndi lija lopita ku tivi pamodzi ndi chithunzi. Lachiwiri, la nambala wani, ndi la kabowo kanga. Ndinamenya benchi ndi chibakera. Ndinazindikira kuti masiku onsewa Esinati ankaimbira pa khomo la tivi, kumene kunalibe womumvera. Potsekeka ndinapapeza ndekha, ndi njira yanga yakale, ndipo ndinanyada. Koma kupeza potsekeka ndi kwina, kutsegula ndi kwina. Ndinalemba zimene masambawo ankanena, kompyuta n'kumandiyankha kuti fayilo kulibe, kapena kuti ndilibe chilolezo. Chilolezo, pa kompyuta yanga, m'nyumba mwanga. Sabata imene ndinalonjeza inatha, inayamba ina.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinalidya masiku asanu ndi anayi, yankho lili m'dirowa pafupi ndi bondo langa. Tsiku lachisanu ndi chinayi chakumadzulo, maso akuwawa, ndinakoka dirowayo kufuna chomangira, pepala lija n'kutulukira. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, ndinalitsegula.

Bambo anu analemba ndi dzanja, zilembo zikuluzikulu kuti ndisavutike. Pamwamba anayamba ndi kupepesa. Kenako zochita zitatu. Choyamba, kutsegula kafayilo kakang'ono ndi kulembamo mizere iwiri youza kompyuta kuti khomo lake la masiku onse likhale la nambala wani. Anandilembera ndi kamawu koyambira nako kuti isandifunsenso za chilolezo. Chachiwiri, kutsegula chosakanizira mawu. Chitatseguka ndinachizindikira nthawi yomweyo, chinali ngati bolodi yanga yakale ya pa galimoto ya kanema, mizati yokweza ndi kutsitsa, kungoti yojambulidwa pa sikirini. Mizati yonse inali pansi, ndipo pansi pa uliwonse panalembedwa MM, kutanthauza kuti watsekedwa. Pepala linati ndidine batani la M, kenako ndikweze ndi kamuvi koloza m'mwamba. Chachitatu, lamulo losungira zonsezi kuti kompyuta ikathimitsidwa isaiwale. Pamapeto anawonjeza kuti, "Adada, muyambe mwatsitsa amplifaya, kuti isakudzidzimutseni."

Sizinanditengere ngakhale nthawi yowiritsa madzi a tiyi. Ndinalemba lamulo loyesera, sipika inapuma mpweya, shhh, kumanzere kenako kumanja. Ndinalemba mzere wa nyimbo. Ndipo m'kashedi kanga ka malata, pakati pa phokoso la maminibasi ndi ogulitsa malonda, Esinati anandiuza kuti ndichotse chinthu changa pakamwa pake. Ndinalira, sindikubisirani. Ndinathimitsa kompyuta, ndinaiyatsanso, ndinayesanso katatu kuti nditsimikize. Inalira ulendo uliwonse.

M'mawa mwake ndinamanga amplifaya ndi sipika yaing'ono m'katoni, kompyuta m'chikwama, n'kukakwera minibasi ya ku Mitundu. Sindinauze munthu. Ndinkafuna ndikafike ndekha, ndikaimbitse ndekha, kuti mbiri idzamveke kuti nkhalamba ija inakonza yokha. Pepala la bambo anu ndinalisiya m'dirowa. Njira yonse ndinkakonza m'mutu zoti ndikawaseke alamu anga, kuti mng'ono wanu uja wabwera, konzani madzi osamba.

Nditatsika pa siteji ndinakwera njinga ya kabaza, katoni pamiyendo. Titakhota kulowa njira ya kumudzi, wa kabazayo anatsika n'kuyamba kuikankha njingayo. Ndinakweza maso. Pamsewu anali atayalapo nthambi zamasamba aawisi, monga timachitira pakagwa maliro, kuti odutsa achepetse liwiro. Ndinamufunsa kuti zagwa kwa yani. Anati kwa agogo aja osaona, dzulo chakumadzulo.

Dzulo chakumadzulo, ana inu. Nthawi imene ine ndinkayesa kachitatu.

Uthenga anatumiza pa foni yanga, ili m'dirowa yothimitsa. Amayi anu ndi bambo anu anadzera ku Area 1 m'mamawa kudzanditenga, anapeza loko pa chitseko, n'kupitirira poganiza kuti ndamva kale. Nditafika pa siwa mwana wa a Velonika anandilandira, anayang'ana katoniyo, ndipo anandiuza zimene sindinamufunse. Anati tsiku lililonse amayi ake ankauza ana kuti awakhazike pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo njinga ikamveka ankafunsa ngati ndi alamu. Anandifunsa ngati ndingakonde kuti tiimbitse pa maliropo. Ndinakana. Woti amve anali atapita, enawo akanangomva nyimbo.

Bambo anu anali kuseri, malaya atapinda, akuwaza nkhuni pamodzi ndi akamwini ena. Atandiona anasiya nkhwangwa, anabwera, anagwada, anandilandira katoni ndi chikwama. Anafunsa motsitsa mawu.

"Yalira, adada?"

"Yalira."

Sanafunse kuti ndakonza bwanji, ndipo mpaka lero sanafunsepo. Anangonyamula katunduyo kukamuika m'galimoto kuti asapondedwe. Miyendo yanga itayamba kuvuta, ndi iwo amene anabwera ku Area 1 kudzanditenga kuti ndizikhala kuno, ndipo kompyutayo anainyamula okha pamiyendo, ine ndisanawapemphe.

Ndikudziwa zimene mumanong'onezana, kuti agogo sanawakhululukire adadi pa nkhani ina yakale. Bambo anu analakwa tsiku limodzi, ndipo mawa lake lomwe anatumiza pepala lokonzera cholakwacho. Masiku ena asanu ndi anayi aja ndi anga. Mkwiyo ulipo ndithu, sunathe, ndipo sindikuganiza kuti udzatha. Koma mukadzandionanso ndayang'ana pamwamba pa kabatipo nkhope itagwa, musamayang'ane bambo anu.